Phunziro la Sabata Ino: Tiwerenge Chiyani za Nkhalango za Amazon ndi Congo?

A zanyengo akamalengeza pa wailesi kuti mphepo yochokera ku Congo ibweretsa mvula, amakhala akunena za chinyezi chochokera ku nkhalango yowirira ya m'chigwa cha mtsinje wa Congo. Mitengo ya kumeneko imakoka madzi m'nthaka n'kuwatulutsa ngati nthunzi kudzera m'masamba. Nthunziyo imapanga mitambo, ndipo mphepo imaikankhira mpaka kwathu kuno. Nkhalango imeneyi ndi yachiwiri pa kukula kwa nkhalango za kumadera otentha ndi amvula. Yoyamba ndi ya Amazon ku South America. Choncho kuphunzira za nkhalangozi ndi kuphunzira za chimanga chathu.

Tiyambire pati? Choyamba ndi kalata ya Papa Francis ya mu 2015, Laudato Si'. Ndime 38 imatchula Amazon ndi Congo mwachindunji, ndipo imachenjeza za makampani akuluakulu amene amabisa dyera lawo ponamizira kuteteza nkhalango. Ndime imeneyi ndi yaifupi, mukhoza kuiwerenga musanadye nsima.

Chachiwiri ndi Querida Amazonia, yomwe Papa yemweyo analemba mu 2020, pambuyo pa msonkhano wa maepiskopi wokambirana za Amazon wa mu 2019. Phunziro lake lalikulu ndi lakuti nkhalango siitetezedwa pothamangitsa eni nthaka amene akhalamo kuyambira kale, chifukwa iwo ndiwo amaidziwa bwino. Makalata awiriwa akupezeka mwaulere pa intaneti, pa tsamba la Vatican.

Chachitatu ndi buku la Unbowed, la mu 2006, mbiri ya moyo wa Wangari Maathai wa ku Kenya, amene analandira mphotho ya mtendere ya Nobel mu 2004. Iye akusimba za mkuyu waukulu wa kumudzi kwawo: utadulidwa, kamtsinje ka pafupi nako kanaphwa. Mayiyu anayambitsa gulu la Green Belt Movement mu 1977, ndipo pambuyo pake anasankhidwa kukhala kazembe wolankhulira nkhalango ya Congo.

Kwa achinyamata okonda foni, tsamba la Global Forest Watch limaonetsa mapu ojambulidwa kuchokera mumlengalenga, osonyeza malo amene mitengo yatha chaka ndi chaka. Yang'anani Congo, kenaka muyang'ane phiri la Mulanje kapena nkhalango ya Dzalanyama. Mukatero, ganizirani za thumba la makala limene lili kukhitchini kwanu.

Ntchito ya ku mphakati sabata ino: mmodzi awerenge ndime 38 ndi kuimasulira m'Chichewa kuti aliyense amve. Kenaka mukambirane mafunso awiri awa. Makala amene timagula amachokera kuti? Nanga pa mitengo imene tinadzala chaka chatha, ndi ingati yomwe idakali moyo, ndipo akuithirira ndani?