Mapiritsi Owonjezera Magazi Sagwirizana ndi Tiyi

Amayi, mapiritsi owonjezera magazi amene mumalandira kusikelo ali ndi ayironi. Musamwere tiyi mapiritsi amenewa, pakuti tiyi amatsekereza ayironi kuti asalowe bwino m'thupi. Mkaka nawonso umatero. Mwerani madzi, ndipo tiyi mudzamwe patapita maola 2.

Chimene chimathandiza ayironi kulowa m'thupi ndi vitamini C. Mukapita ku Msika wa Tsoka, gulaniko magwafa, malalanje kapena matimati, mudye pamodzi ndi nsima ya nyemba kapena ya bonongwe. Ngakhale malambe, amene ambiri amawapeputsa, ali ndi vitamini ameneyu wochuluka.

Chimbudzi chanu chikada, musaope, ndi mankhwalawo. Koma asungeni pamene ana sangafike. Mwana akameza ambiri, thamangirani naye ku Kamuzu Central Hospital nthawi yomweyo, ngakhale akuoneka wabwinobwino.