Mapazi Ophwatalala, Chala Chokhota ndi Zoyala za m'Nsapato

Tsiku la sikelo amayi amafika ndi mafunso osiyanasiyana, koma lilipo limodzi limene limamveka kaŵirikaŵiri mwana akangoyamba kuyenda. Mayi amaimiritsa mwana wake pasimenti, naloza pansi ndi kunena kuti, "Alangizi, taonani mapazi a mwanayu, akugunda pansi onse ngati a bakha. Apongozi anga akuti ndikagule zoyala za m'nsapato zimene akugulitsa m'tauni kuti aongoke." Mayi wina, atamva zimenezi, amavula nsapato yake naonetsa fupa lotuluka patsinde pa chala chachikulu, nafunsa ngati kachipangizo komangira chala kangalibweze m'malo mwake.

Mafunso aŵiriŵa ndi ofunika, pakuti ndalama ya m'banja ndi yosoŵa, ndipo mapazi ndiwo amene amatifikitsa kumunda, kuchitsime ndi kuchigayo. Phunziro lino likufotokoza zimene zipangizo zotere zingachite, zimene sizingachite, ndiponso mapazi amene afunika kuthamangira nawo kuchipatala.

Mmene phazi linapangidwira

Phazi lililonse lili ndi mafupa 26, omangidwa pamodzi ndi minofu ndi mitsempha yolimba. Mafupa ameneŵa sanayalidwe ngati thabwa ai. Anakhala mopindika ngati uta, kuyambira kuchidendene kufikira kutsinde la zala. Ndicho chifukwa chake munthu wamkulu akaponda pamchenga wonyowa, chidindo cha phazi lake chimakhala chodukiza chakumkati. Malo okumbikawo m'phunziro lino tiwatcha uta wa phazi. Ntchito yake ndi kufeŵetsa mphamvu ya thupi pamene tikuponda pansi, ndi kutikankhira kutsogolo pamene tikunyamula mwendo.

Mapazi ophwatalala mwa ana

Pafupifupi mwana aliyense amabadwa ndi mapazi ooneka ophwatalala. Zifukwa zake ndi ziŵiri. Choyamba, kunsi kwa phazi la khanda kuli mafuta amene amadzaza malo okumbika aja. Chachiŵiri, mitsempha yomanga mafupa a mwana imakhala yofeŵa, motero uta umagona pansi mwana akaimirira. Pamene mwana akuyenda, kuthamanga ndi kukwera mitengo, mafuta aja amachepa ndipo minofu imalimba. Mwa ana ambiri uta umayamba kuoneka bwino pofika zaka 6, ndipo mwa ena umapitiriza kukula mpaka zaka 10. Chotero mwana wa zaka 2 kapena 3 wa mapazi ophwatalala sakudwala, ndipo palibe chimene mayi wake analakwitsa pomubereka kumsana kapena pomuphunzitsa kuyenda.

Mungathe kupima nokha kunyumba m'njira zitatu izi:

1. Khazikani mwana pampando, miyendo ili lendee, ndipo yang'anani kunsi kwa phazi.
2. Muimiritseni atagwira khoma, ndi kumuuza kuti anyang'ame, ndiko kuima ndi zala zokha.
3. Ali chiimire, kwezani pang'ono chala chake chachikulu ndi dzanja lanu.

Ngati uta ukuoneka pochita zimenezi, ndipo mwana sakudandaula za ululu, phazi lake ndi lofeŵa ndipo silifuna mankhwala kapena chipangizo chilichonse. Ana ena amakula ndi mapazi ophwatalala mpaka ukulu, makamaka ngati ndi za kumtundu, koma ambiri a iwo amalima, kuseŵera mpira ndi kuyenda maulendo aatali popanda vuto.

Kodi zoyala za m'nsapato zimaongola phazi la mwana?

Madotolo anakhala akukhulupirira kwa zaka zambiri kuti nsapato zapadera zimaumba phazi la mwana. Pofuna kutsimikiza, madotolo a mafupa a mumzinda wa Dallas ku America anagaŵa ana 129 a mapazi ophwatalala m'magulu anayi. Gulu lina linavala nsapato zapadera, lina tizikho tochirikiza chidendene, lina zoyala zapulasitiki zoumbidwa molingana ndi phazi la mwana aliyense, ndipo gulu lotsiriza silinapatsidwe kanthu. Patapita zaka zitatu anawapimanso, ndipo zotsatira zake anazilengeza mu 1989. Mapazi a ana a m'magulu onse anayi anali atasintha mofanana. Chimene chinaongola mapaziwo ndi kukula kwa anawo.

Ku India, mu 1992, madotolo ena analengeza zimene anapeza atapima zidindo za mapazi a ana 2,300 a zaka 4 mpaka 13. Mwa ana ovala nsapato, pafupifupi 9 mwa 100 alionse anali ndi mapazi ophwatalala, pamene mwa ana oyenda opanda nsapato anali pafupifupi 3 okha. Izi zikusonyeza kuti phazi limene limagwira ntchito momasuka limalimba bwino.

Tsono mayi amene mwana wake sakumva kuŵaŵa asataye ndalama pogula zoyala. Ndalama imeneyo ingathandize koposa itagula nsinjiro, usipa, mazira kapena mkaka, zimene zimamanga mafupa ndi minofu ya mwanayo. Zoyala zili ndi ntchito yake mwa mwana wokulirapo amene mapazi amamuŵaŵa akayenda kapena akaima nthaŵi yaitali. Zimachepetsa ululu pamene wazivala, monga mmene magalasi amathandizira maso, koma akazivula phazi limakhala monga linaliri. Ngakhale pamenepo, ayambe wapimidwa ndi achipatala.

Zizindikiro zofunika kupita nazo kuchipatala

Musazengereze ngati muona chimodzi mwa izi:

1. Phazi ndi louma, ndipo uta suoneka ngakhale mwana atanyang'ama.
2. Phazi limodzi lokha ndilo lophwatalala, kapena likusiyana kukula ndi linzake.
3. Mwana akutsimphina, akugwa pafupipafupi, kapena akulira ndi ululu wa phazi, kakolo kapena bondo.
4. Mwana wafika miyezi 18 asanayambe kuyenda, kapena miyendo yake ndi yokungika.
5. Miyendo ikupindika kwambiri ngati mateŵe ndipo mfundo za m'manja zikukula, pakuti mwina mafupa ake ndi ofooka.
6. Mwendo kapena phazi lafooka mwadzidzidzi mwa mwana amene ankayenda bwino.

Chizindikiro chotsirizachi chifunika kunenedwa tsiku lomwelo, chifukwa chingathe kukhala poliyo. Tikumbukire kuti mu February 2022 boma linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe anapezeka ndi matendaŵa, patapita zaka pafupifupi 30 asakuoneka m'dziko muno. Onetsetsani kuti ana anu alandira katemera yense wolembedwa m'buku lawo la kusikelo.

Phazi lopindika chibadwire

Pali phazi limodzi limene chipangizo chovala chimagwira ntchito yaikulu ndithu. Mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 1,000 amabadwa ndi phazi lopindikira mkati ndi pansi, kotero kuti akadzayamba kuyenda adzapondera m'mbali kapena pamsana pa phazi. Ichi si chilango, si ufiti, ndiponso si chifukwa cha chakudya chimene mayi anadya ali ndi pathupi. Phazi lotere siliongoka lokha, koma limachizika.

Njira yochizira inayambitsidwa ndi dotolo wotchedwa Ignacio Ponseti, wa ku Iowa m'dziko la America. Achipatala amaongola phazi pang'onopang'ono ndi manja, nalimanga chikhakha chimene amasintha sabata iliyonse, kaŵirikaŵiri kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Ana ambiri amawadula pang'ono mtsempha wa kumbuyo kwa chidendene kuti phazi likwere bwino. Pambuyo pake mwana amavala nsapato ziŵiri zolumikizidwa ndi kachitsulo, maola 23 patsiku kwa miyezi itatu, kenaka usiku ndi nthaŵi yogona masana mpaka atakwanitsa zaka 4 kapena 5. Apa mpamene amayi ambiri amagwera ulesi. Poona kuti phazi laongoka, kapena pomvera chisoni mwana akulira, amasiya kumuveka nsapato zija, ndipo phazi limapindikanso. Akuluakulu anati mmera mpoyamba: chithandizochi chimayenda bwino koposa chikayamba m'masabata oyamba mwana atabadwa. M'zipatala za m'maboma muli ogwira ntchito amene anaphunzira za mafupa, ndipo ana ofuna chithandizo chachikulu amatumizidwa ku zipatala monga cha Beit CURE ku Blantyre, chimene chinatsegulidwa mu 2002.

Chala chachikulu chokhota mwa amayi

Tsopano tikambe za mapazi anu, inu amayi. Vuto limene achipatala amalitcha bunion limayamba pamene chala chachikulu chiyamba kupendekera kwa zala zinzake, ndipo fupa la kutsinde kwake likankhikira kunja. Chotupa chimene chimaonekacho si mafinya kapena fupa latsopano ai, koma ndi mutu wa fupa limene lasuntha. Pamwamba pake khungu limafiira, limalimba ndi kuŵaŵa chifukwa chokhuzana ndi nsapato. Vutoli limapezeka mwa munthu mmodzi mwa akuluakulu pafupifupi anayi alionse, ndipo limachuluka mwa akazi ndi okalamba.

Kaŵirikaŵiri limayenda m'magazi: ngati mayi anu kapena agogo anu anali nalo, inunso mungathe kukhala nalo. Nsapato zothina, zosongoka kutsogolo, ndi zagogoda zimalikulitsa, chifukwa zimapanikiza zala ndi kutsitsira kulemera kwa thupi kutsogolo kwa phazi. Panthaŵi ya pathupi thupi limalemera ndipo mitsempha imafeŵa, motero uta wa phazi ungathe kutsika ndi phazi kutambasuka. Amayi ena amapeza kuti nsapato zawo zakale zikuwathina ngakhale atachira. Musaumirize phazi kuloŵa m'nsapato zoterozo.

M'masitolo ndi pa intaneti mukugulitsidwa timphira toika pakati pa zala, zomangira chala usiku, ndi zoyala zochirikiza uta. Ogulitsa ena amalonjeza kuti chala chidzaongoka m'masabata ochepa. Choonadi ndi chakuti zinthu zimenezi zingachepetse ululu ndi kuteteza khungu, koma sizibwezera fupa la munthu wamkulu m'malo mwake. Chokhacho chimene chimaongola fupa losunthalo ndi opaleshoni, ndipo madotolo amaichita pamene ululu ukulepheretsa munthu kuyenda njira zina zonse zitalephera. Saichita pofuna kukongoletsa phazi, pakuti kuchira kwake kumatenga masabata ambiri ndipo nthaŵi zina chala chimakhotanso.

Chithandizo choyamba ndi chotsika mtengo: nsapato yotakata kutsogolo, ya chidendene chachifupi. Madzulo pumitsani mapazi powakweza pampando, ndipo ikani nsalu yoviika m'madzi ozizira pamalo potupa. Kuti katumba asakungike, imani moyang'ana khoma, mwendo umodzi kumbuyo chidendene chili pansi, ndi kuŵeramira kutsogolo kwa theka la mphindi, kangapo patsiku. Musateme mphini pachotupacho, ndipo musachicheke ndi lezala. Mayi wamkulu amene phazi lake limodzi layamba kugwa uta, kakolo akutupa ndi kuŵaŵa chakumkati, apite kuchipatala msanga, chifukwa kwa iye chochirikiza phazi chingathandize kwambiri chikaperekedwa vuto lisanakule. Odwala matenda a shuga ndi onse amene mapazi awo amachita dzanzi asavale chipangizo chilichonse popanda uphungu wa achipatala, pakuti chingawachekere chilonda iwo osamva.

Kusankha nsapato za mwana

Mwana amene sanayambe kuyenda safuna nsapato. Amene wayamba kuyenda muloleni ayende wopanda nsapato m'nyumba ndi pabwalo losesedwa bwino. Koma popita kuchimbudzi, kukhola, kudambo kapena kumsika avale nsapato, chifukwa m'dothi loipitsidwa muli matekenya, minga, magalasi osweka ndi njoka za m'mimba zimene zimaloŵera pakhungu la kuphazi ndi kuchepetsa magazi.

Pogula nsapato, kaya m'sitolo kaya pakaunjika, tsatirani izi:

1. Pitani naye mwana, ndipo ayese nsapato zonse ziŵiri ataimirira.
2. Pakati pa chala chachitali ndi nsonga ya nsapato pakhale mpata wokwana m'lifupi mwa chala chanu chachikulu cha kudzanja.
3. Nsapato ikhale yopepuka, yotakata kutsogolo, ndi yopindika mosavuta pamene pamapindikira zala.
4. Musagule imene chidendene chake chinadyeka mbali imodzi.
5. Ipimeninso pakapita miyezi iŵiri kapena itatu, popeza phazi la mwana limakula msanga. Matuza ndi kufiira kwa zala zikusonyeza kuti nsapato yachepa.

Mafunso okambirana pagulu

1. Kodi nchifukwa ninji mapazi a mwana wa zaka 2 amaoneka ophwatalala?
2. Tchulani njira zitatu zopimira phazi la mwana kunyumba.
3. Kodi zoyala za m'nsapato zimathandiza chiyani, nanga sizingachite chiyani?
4. Kodi mwana wobadwa ndi phazi lopindika avale nsapato za kachitsulo mpaka liti?
5. Kodi mungawayankhe bwanji apongozi kapena amuna anu akanena kuti mugule chipangizo choongolera phazi?

Mukabwera kusikelo mwezi wamaŵa, muvuleni mwana nsapato asanakwere pasikelo, ndipo pemphani anamwino kapena alangizi a zaumoyo kuti ayang'ane mapazi ake pamodzi nanu. Ngati m'mudzi mwanu muli khanda lobadwa ndi phazi lopindika, musadikire tsiku la sikelo: perekezani mayi wake kuchipatala sabata ino.