Phunziro la mwezi uno: kuzindikira kugogoda kwa injini isananoke

Aliyense amene amakwera minibasi za ku Bangwe, ku Machinjiri kapena ku Chilomoni adamvapo mawu akuti "injini yanoka". Mawuwa amanenedwa motsitsa ngati uthenga wa zovuta, ndipo m'pake, pakuti galimoto imodzi imadyetsa makomo angapo: la mwini wake, la dalaivala, la kondakitala, ngakhalenso la mayi wa geni amene imamunyamulira katundu kuchokera ku msika wa Limbe. Komatu injini sinoka mwadzidzidzi. Imayamba yadandaula kwa masiku kapena masabata, ndipo dandaulo lakelo ndi kugogoda. Tsoka lake n'lakuti ambiri a ife tikamva phokosolo timangokweza wailesi.

Galimoto zambiri za m'mawodi athu, monga Toyota Sienta, Probox ndi HiAce, zidabwera zitayenda kale ku Japan, n'kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe. Kuno zimakumana ndi fumbi, maenje, katundu wopyola muyezo ndiponso zitunda za mzinda wathu. Pamwamba pa izo, ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho zipangizo zochokera kunja zidakwera mtengo kwambiri. Munthu amene angathe kusiyanitsa phokoso lofuna sipanala chabe ndi phokoso lofuna injini ina amapulumutsa ndalama zimene zikadalipira fizi ya ana.

Choyamba timvetse chimene chimagogodacho. M'kati mwa injini muli mapisitoni amene amakwera ndi kutsika. Pisitoni iliyonse imalumikizidwa ku chitsulo chozungulira chotchedwa crankshaft kudzera pa mkono wachitsulo umene amakaniko amati koni rodi. Polumikizirapo pali mabering'i, omwe ndi tizitsulo topyapyala tokhala ngati zikamba. Injini ikamayenda bwino zitsulozi sizikhudzana n'komwe, chifukwa zimayandama pa oyilo amene pampu imakankhira m'kampata kosapitirira mamilimita 0.05, kochepa kuposa tsitsi limodzi. Mabering'i akadyeka, kampatako kamakula, oyilo amathawa, ndipo chitsulo chimayamba kumenya chinzake pa kuzungulira kulikonse. Uku ndiye kugogoda koopsa kwenikweni. Koma si phokoso lililonse limene limachokera pamenepa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanathamangire ku galaja, dzifunseni: kodi phokosoli limamveka injini ili yozizira kapena itatentha? Likuchokera pamwamba kapena pansi? Limathamanga mukaponda mafuta, kapena limamveka pokhapokha mukagwera m'dzenje? Ngati limadza ndi maenje okha, injini ilibe mlandu. Kayang'aneni mashoko, mabushi ndi zina za ku miyendo.

Pali phokoso lopepuka, longa timiyala tochekechera m'chitini, limene limamveka galimoto ikalemedwa, makamaka pokwera chitunda ndi giya yaikulu. Amene amachokera ku Chikwawa amalimva bwino akayamba kukwera pa Thabwa. Apa palibe chimene chathyoka. Chikuchitika n'chakuti petulo akuphulika mosalongosoka m'malo moyaka mwadongosolo. Zimayambitsa zimenezi ndi mwaye wochuluka pamitu ya mapisitoni, mapulagi osayenera, injini yotentha kwambiri, kachipangizo komva kugogoda kakafa, ndiponso mafuta oipa. Ena amanamizira ethanol, amene dziko lino lakhala likusakaniza ndi petulo kuyambira 1982 pomwe fakitale ya ku Dwangwa idatsegulidwa. Zoona zake n'zakuti ethanol amathandiza petulo kuti asaphulike msanga. Wokayikitsa ndi petulo wa m'zigubu amene timagula m'makwalala mafuta akasowa, chifukwa akasakanizidwa ndi parafini amabala phokoso lomweli. Tsitsani giya, thirani mafuta a pa filing'i sitesheni, onani madzi a mu rediyeta injini itazizira. Mukalilekerera kwa miyezi, phokoso lopepukali limaboola pisitoni.

Lina ndi la "tiki-tiki" la pamwamba pa injini, pomwe pali mavavu. Limayenda mwa theka la liwiro la injini, popeza chitsulo chotsegula mavavu chimazungulira kamodzi pamene crankshaft yazungulira kawiri. Kawirikawiri limachokera ku oyilo wochepa kapena wakale, kapena mavavu ofuna kutcheredwa. Silipha injini lero. Chimodzimodzinso pisitoni yodyeka pang'ono, imene imagwedera m'mawa wa mwezi wa Juni koma n'kukhala chete injini ikatentha, chifukwa chitsulo chikatentha chimafufuma n'kutseka mpata. Galimoto yotere ikhoza kuyenda zaka ngati mwini wake sayithamangitsa isanatenthe. Tcheni cha tayiming'i nacho chimachita phokoso kwa masekondi ochepa mukangoliza, oyilo asanakwere. Chikayamba kutalikitsa, chionetseni.

Tsono tifike pa mdani weniweni. Kugogoda kwa bering'i ya koni rodi n'kolemera, kwa "gu-gu-gu", ngati munthu akumenya chitseko cha matabwa ndi chibakera, ndipo kumachokera pansi, pafupi ndi sampu. Kumasiyana ndi kwa pisitoni pa mfundo imodzi yofunika: kumakula injini ikatentha, chifukwa oyilo wotentha amasungunuka n'kuthawa msanga m'mpata wokulawo. Mukaponda mafuta pang'ono n'kusiya, kumayankha. Nthawi zambiri nyali yofiira ya oyilo imayamba kuphethira mukaima pa maloboti kapena pa mdipiti wa mumsewu wa Masauko Chipembere. Zizindikiro ziwirizi zikakumana, zimitsani injini pomwepo, ngakhale muli ndi anthu odzaza. Kukoka galimoto kuchokera ku Chichiri kupita ku Ndirande kuli ndi mtengo wake, koma ndi wochepa poyerekeza ndi koni rodi ikathyoka n'kuboola buloko. Bering'i ikagwidwa msanga, amakaniko amasintha mabering'i, mwina n'kukapalitsa crankshaft kwa akatswiri a makina. Buloko ikabooka palibenso chokonza.

Kodi bering'i imadyeka chifukwa chiyani? Pafupifupi nthawi zonse yankho ndi oyilo: wochepa, wokhalitsa, wachinyengo, kapena wotsekeredwa ndi sefa yodzaza phala lakuda. Injini yakale imadya oyilo mwakachetechete, ndipo dalaivala amene sasolola kamtengo koyezera sabata iliyonse amadzazindikira nyali itayaka kale. Sampu yong'ambika pa mwala nayo imakhuthula oyilo yense m'mphindi zochepa. Pa misewu yathu yafumbi, kusintha oyilo ndi sefa yake pa makilomita 5,000 alionse ndi nzeru. Chifukwa china tidachiona m'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atasakaza ku Chilobwe, ku Soche ndi madera ena a mzinda uno. Madzi satheka kupanikizidwa ngati mpweya. Injini ikawamwa, pisitoni imagunda ngati yagunda khoma, ndipo koni rodi imapindika. Galimoto imene yazimira m'madzi musayese kuiliza. Chotsani mapulagi kaye, madzi atuluke.

Pali zinthu zimene mungachite nokha pabwalo. Galimoto itaima pamalo a see ndipo injini itazizira, onani mlingo wa oyilo, kenako mupake dontho pa pepala loyera n'kuliyang'ana padzuwa. Mukaona tinthu tonyezimira ngati mkuwa kapena siliva, ndi bering'i imeneyo ikugayika. Tenganinso sikuludiraiva yaitali, kunsonga mugunditse pa injini ikulira, chogwirira mugunditse kukhutu, ndipo muzisuntha kuchokera pamwamba mpaka pansi; phokoso limakula mukayandikira gwero lake. Samalani ndi fani komanso lamba, ndipo malaya olendewera muwapisire.

Zotsalazo n'za makaniko, koma muli ndi ufulu wozipempha. Makaniko wodziwa ntchito amachotsa lamba wa kutsogolo n'kuliza injini kwa mphindi imodzi. Phokoso likatha, vuto lili mu alutaneta, pampu ya madzi kapena chokungira lamba. Amazula koyilo kapena waya wa pulagi wa silinda imodziimodzi. Kugogoda kukachepa pa silinda ina, wapeza koni rodi yodwala. Amayeza mphamvu ya oyilo ndi geji injini itatentha, amang'amba sefa yakale kuti aone zitsulo, ndipo asanagwetse injini yonse amatsegula sampu n'kukuonetsani bering'iyo ndi maso anu. Pa dizilo amayamba wayesa mainjekita, chifukwa injekita yodontha imagogoda mofanana kwambiri ndi bering'i. Mlembi wa phunziro lino adatsala pang'ono kugulitsa galimoto pa mtengo wolira atauzidwa kuti injini yatha, chonsecho chidali chibalata chotchinga kutentha kwa ekizozi chimene chidamasuka mabawuti awiri. Makaniko amene wangomvera phokoso ali chiimire n'kugamula kuti mugule injini ina, mumuthokoze mwaulemu, mukafunsenso kwina.

Ogula galimoto zoyenda kale achenjere ndi oyilo wolemera. Ogulitsa ena amathira oyilo wokhuthala kapena mankhwala ake kuti kugogoda kubisale kwa masiku ochepa. Bering'i yodyeka sibwerera m'chimake ndi mankhwala a m'botolo. Pitani m'mawa, gwirani injini mutsimikize kuti ndi yozizira, muilize nokha, kenako muyende nayo mpaka itenthe ndithu, makamaka pa chitunda, ndipo muimenso n'kumvetsera wailesi itazimitsidwa.

Mukasintha oyilo, wakaleyo musamutaye m'ngalande. Ngalande zina za m'mawodi athu zimathera mu Mudi ndi Naperi, ndipo kumunsi kuli anthu amene amachapa ndi kuthirira ndiwo zamasamba ndi madzi omwewo. Muthireni m'chigubu chotseka bwino, mukachisiye ku galaja tsiku limene mukukayezetsa mphamvu ya oyilo.