Botolo Lonse M'thanki ya Boxer

Njinga yamoto ikayamba kuvuta mu Nairobi, ulendo wake umathera ku Kirinyaga Road, msewu wa kumunsi kwa tawuni m'mbali mwa mtsinje wa Nairobi, umene ambiri amautchabe Grogon. Mashopu a sipeyala andanda mbali zonse ziwiri, amakaniko amagwira ntchito panja padzuwa, ndipo pa mashelefu a pafupi ndi khomo simulephera kuona timabotolo tonyezimira tolonjeza kutsuka njira yonse ya mafuta, kuchokera m'thanki mpaka m'kati mwa injini, osagwirako sipanala. Mungothira, mungokwera, basi.

Ogula alipo ambiri. Mu 2008 boma la Kenya la Mwai Kibaki linachotsa msonkho wolowetsera m'dziko njinga zamoto zosapitirira 250cc, ndipo kuyambira pamenepo ma boda boda, akabaza a kumeneko, anadzaza misewu: Bajaj Boxer, TVS, Haojin, kenako Honda zomangidwa mu Nairobi momwemo kuyambira 2013. Zambiri mwa njinga zimenezo zakalamba tsopano. Zadutsa m'manja mwa anthu atatu kapena anayi, zina zinakhalapo miyezi pabwalo la polisi mvula ikuzivumba. Njinga zoterezi ndi zimene timabotolo tija timazipweteka kwambiri, komanso eni ake ndi amene amakopeka nato msanga, chifukwa tsiku limene njinga yagona ku galaja ndi tsiku limene kunyumba moto susonkhedwa.

Nkhani yotsatirayi makaniko aliyense wa njinga amaidziwa, chimasintha ndi nkhope ya mwini njinga basi. Mnyamata wa pa siteji ina ku Kawangware wagula Boxer yakale ndi ndalama zangongole. M'mawa imavuta kulira. Akaima pa maloboti imazima. Pulagi akaimasula ili bii ndi mwaye, ndipo petulo ikumwa mopyola muyeso. Mnzake wa pa siteji amuuza kuti ndi litsiro la m'kati limenelo, mankhwala ake alipo. Apita ku Grogon, agula botolo, ndipo osawerenga timalemba ta kumbuyo, akhuthulira lonse m'thanki.

Nkhani yagona pa timalembato. Mabotolo ambiri otere anapangidwira galimoto, ndipo limodzi limayenera kusakanizidwa ndi petulo wodzaza thanki ya malita 40, 50 kapena 60. Thanki ya Boxer imalowa malita pafupifupi 11. Nanga ndi wa boda boda uti amayenda ndi thanki yodzaza? Amathira wa ndalama zimene wapeza m'mawa umenewo, malita atatu, mwina anayi. Choncho mankhwala oyenera malita 50 alowa m'malita anayi, ukali wake wapyola muyeso koposa kakhumi.

Si botolo lililonse limene lili lachinyengo, ndipo apa tisanamize munthu. Ena mwa mankhwalawa ali ndi chotsukira chotchedwa PEA, chimene chimapirira kutentha ndipo chimachotsadi mwaye pa mavavu ndi pa tizibowo topopera petulo m'galimoto zamakono. Zotsukira zina zimathiridwa kale, pamuyeso wochepa kwambiri, mu petulo ngati Shell V-Power ndi TotalEnergies Excellium amene amagulitsidwa mu Nairobi. Koma mabotolo ambiri otchipa ndi zosungunulira chabe, za mtundu wa palafini, thina kapena sipiliti. Zimenezi sizisankha. Zimasungunula phula la petulo wakale, zimafewetsanso labala wokalamba.

Tsiku loyamba njinga imaoneka ngati yachira, mnyamata n'kumayamikira. M'thanki ya chitsulo imene yagwira ntchito zaka khumi, komabe, pansi pamakhala dzimbiri, fumbi ndi phula limene petulo amasiya akauma. Zonsezi zinamatirirana n'kukhazikika pansi, ndipo sizimavutitsa munthu. Kuthiramo mankhwala aukali kuli ngati kuvundula chitsime ndi mtengo: matope amene anagona pansi amadzuka, n'kulowa mu ndowa. Phula limene linagwira dzimbiri lasungunuka, koma dzimbiri lenilenilo silisungunuka. Limangoyoyoka, n'kutsatira petulo kulowera ku kampopi. Kasefa ka pa kampopiko, ngati sikanang'ambike kale, kamagwira zikuluzikulu zokha. Ndipo petulo akachepa panjira, mnyamata amapotokolera kampopi ku rizevu, kumene kumakoka petulo wa pansi penipeni.

Kabureta ndi chipangizo chosavuta kuchimvetsa koma chosakhululuka. Petulo amadzaza kambale ka pansi. M'kambalemo muli choyandama chimene chimakankha kasingano ka nsonga ya labala kuti katseke petulo akafika pamlingo wake. Kuchokera m'kambalemo petulo amakwera kudzera m'majeti awiri, yaikulu ya pa liwiro ndi yaing'ono imene imasunga injini ikulira njinga itaima. Bowo la jeti yaing'onoyi silifika theka la milimita. Kachidutswa ka dzimbiri kamene diso silingakaone bwino n'kokwanira kulitseka. Likatsekeka, botolo lachiwiri silingathandize konse, chifukwa mankhwala amatsuka pokhapo pamene petulo akudutsa, ndipo pabowo lotsekeka sipadutsa kanthu.

Tsiku lachitatu njinga yayamba kutsamwa. Mnyamata akuyenda atakoka choko kuti isazime. Madzulo aiimika pakhonde, kampopi osatseka, monga amachitira masiku onse. Kachidutswa kena kakhala pansonga ya kasingano kaja, labala wake watupa ndi mankhwala, ndipo kasinganoko sikakutsekanso. Petulo akungolowa usiku wonse. Kabureta ili ndi kapaipi kotayira petulo wosefukira pansi, koma pa njinga yoyenda m'matope a nyengo ya mvula kapaipi kameneka kamakhala katatsekeka kalekale. Petulo akasowa kolowera amatsikira mu silinda, n'kudutsa m'mbali mwa maring'i otha, n'kukathera mu oilo.

Galimoto imanyamula malita anayi kapena asanu a oilo. Boxer imanyamula pafupifupi lita imodzi, ndipo oilo yemweyo ndi amene amafewetsa pisitoni, magiya ndi kilatchi. Kapu imodzi ya petulo ikalowamo, oiloyo wasanduka madzi. Injini yake ilibe madzi oziziritsira, imadalira mphepo ndi oilo yekhayo. M'mawa mnyamata apeza wokwera wa katundu wopita cha ku Kinoo, alowa Waiyaki Way, msewu umene umangokwera kuchokera ku Westlands kudutsa Kangemi ndi Uthiru. Kilatchi iyamba kuterera. Jeti yaikulu nayo yatsekeka pang'ono, petulo akulowa wochepa pamene mpweya uli wambiri, ndipo moto wotere umatentha kuposa muyeso. Injini ilira ngwe ngwe ngwe, kenako igwira. Tayala lakumbuyo likhukhuluzika pa phula, malole akudutsa pambali. Amene ali ndi mwayi amakumbukira kufinya kilatchi.

Njinga itafika ku galaja, makaniko, bambo wachikulire, anasolola chopimira oilo n'kuchinunkhiza.

"Mwana wanga, m'thankimu unathiramo chiyani?"

"Mankhwala otsukira, bambo. Anandiuza kuti amachotsa litsiro."

"Achotsadi. Taona kumene alipititsa."

Pisitoni yatsopano, maring'i, kukulitsa silinda, mapuleti a kilatchi, oilo, ndiponso masiku angapo osagwira ntchito ngongole ikuwerengabe. Chowawa kwambiri n'chakuti matenda oyamba aja sanali m'njira ya petulo n'komwe. Siponji yosefa mpweya inali itatsekeka ndi fumbi. Injini imasowa mpweya, n'chifukwa chake imamwa petulo wambiri n'kumadetsa pulagi. Kuichapa siponjiyo, kuiumitsa ndi kuipaka oilo pang'ono ndi ntchito ya theka la ola.

Nairobi ili ndi chinthu china chimene chimasocheretsa eni njinga. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,800 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Lilongwe ndi Blantyre ali pa mamita ongopitirira pang'ono 1,000. Kukwera ku Limuru mumadutsa 2,200. Pamwamba potere mpweya ndi wopepuka, koma kabureta sidziwa zimenezo. Imathira petulo yemwe ikanathira ku Mombasa, ndiye moto umakhala wa petulo wochuluka, pulagi imada, mphamvu imachepa. Munthu akaona mwaye amaganiza za litsiro. Chofunika apo ndi makaniko wodziwa kutsitsa singano ya kabureta kapena kusintha jeti, osati botolo.

Ndiye pali petulo weniweniyo. Kwa zaka zambiri amalonda osakhulupirika ku Kenya ankasakaniza palafini mu dizilo ndi mu petulo chifukwa palafini anali wotchipa. Mu 2018 boma linaika msonkho wa mashilingi 18 pa lita iliyonse ya palafini kuti phindu la chinyengochi lithe, ndipo bungwe loyang'anira za mafuta la EPRA limayeza mafuta m'malo omwetsera n'kumasindikiza mayina a amene apezeka olakwa. Palafini sapsa bwino mu injini ya petulo. Amasiya mwaye, amachititsa injini kugogoda, ndipo wina amatsikira mu oilo. Palibe mankhwala amene angachotse palafini mu petulo, ndipo ngati botolo lanu nalonso ndi la palafini wonunkhiritsidwa, mwangowonjezera matenda ndi ndalama zanu zomwe.

Ogulitsa ena amati njinga yakale imafuna mankhwala chifukwa petulo wa masiku ano alibe mtovu. Koma Kenya, pamodzi ndi maiko ena a kum'mwera kwa Sahara, inasiya petulo wa mtovu kumayambiriro kwa 2006, ndipo njinga za boda boda zimene zinabwera pambuyo pake zinapangidwira petulo wopanda mtovu. Enanso amagulitsa timabotolo towonjezera mphamvu ya petulo, tina tokhala ndi chitsulo cha manganese kapena ayironi. Timeneti mudzatizindikira pa pulagi, imene imasanduka yofiirira ngati njerwa kenako n'kuyamba kudumphitsa moto.

Thanki yadzimbiri imatsukidwa itachotsedwa pa njinga. Amaikhuthula, amaikamo timanati kapena katcheni ndi petulo pang'ono, amaikhutchumula mpaka dzimbiri liyoyoke, amatsukuluza kangapo, n'kuiumitsa kutali ndi moto. Kabureta amaimasula, majeti n'kuwapopera mpweya mpaka kuwala kuonekere pabowo. Makaniko amene akutokosa jeti ndi waya wachitsulo muletseni, akukulitsa bowo. Kasingano, timalabala ndi paipi youma zisinthidwe, ndipo pakati pa thanki ndi kabureta paikidwe kasefa koonekera m'kati. Zonsezi zikachitika, amene akufunabe mankhwala atha kuthira, koma a PEA, oyezedwa ndi jekeseni molingana ndi malita amene ali m'thanki, ndipo zichitike patatsala pang'ono kusintha oilo. Ine ndimaona kuti pa njinga ya kabureta imene imayenda tsiku ndi tsiku, ndalama imeneyo ikanagwira ntchito yabwino pogula oilo.

Kwathu ku Malawi nkhaniyi ili ndi mbali ina. Petulo wathu amasakanizidwa kale ndi ethanol wa nzimbe, wochokera ku ETHCO ku Dwangwa kuyambira 1982 ndi ku PressCane ku Chikwawa kuyambira 2004. Ethanol payekha ndi chosungunulira, komanso amakoka madzi. Njinga ikakhalitsa ndi thanki yatheka, madziwo amatsikira pansi pamodzi ndi ethanol, ndipo dzimbiri limayambira pomwepo. Onjezeranipo petulo wa m'zigubu amene akabaza a ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu amagula mafuta akasowa, wosadziwika kumene wachokera ndi chimene chinasungidwa m'chigubumo poyamba. Thanki yotere ili ndi zambiri zoti zivunduke kuposa ya ku Kawangware.

Eni ake a Yamaha DT125, njinga zija ankayendera alangizi a zaumoyo ndi zaulimi ndipo zambiri zinagulitsidwa kwa anthu wamba, asamale koposa. Injini yake ilibe oilo wokhazikika pansi wofewetsa pisitoni. Pisitoni ndi mabering'i a kilankishafuti zimadalira kaoilo kochepa kamene kamalowa limodzi ndi petulo n'kupsera komweko. Chosungunulira chaukali chikadutsa m'menemo chimatsuka kaoilo kameneko pa chitsulo, ndipo injini yotere imatha kugwira pa ulendo womwewo, pampu ya oilo ili bwinobwino.