Tizilombo Tobisala M'kapeti

Ambiri a ife timati munthu akayetsemula pafumbi ndiye kuti dothi lamulowa m'mphuno basi. Ine ndikufuna ndikuuzeni za wolakwa wina amene saoneka. M'fumbi la m'nyumba muli nthata zing'onozing'ono zomwe akatswiri a sayansi amazitcha Dermatophagoides, kutanthauza "zodya khungu". Nthata imodzi imatalika pafupifupi mamilimita 0.3, ili ndi miyendo 8, ndipo ndi pachibale ndi kangaude ndi nkhupakupa.

Nthatazi siziluma. Zimadya tizikhungu takufa tomwe timayoyoka m'matupi mwathu tsiku ndi tsiku. Vuto ndi ndowe zake. Nthata iliyonse imatulutsa timibulu pafupifupi 20 pa tsiku, ndipo munthu akaponda kapeti kapena kusesa, timibuluto timauluka nkulowa m'mphuno ndi m'mapapo. Ena samva kanthu, koma ena amayetsemula, maso kuyabwa, ndipo odwala mphumu amabanika. Izi anazitulukira ndi Voorhorst ndi Spieksma ku Leiden m'dziko la Netherlands m'chaka cha 1964.

Chimene chimandidabwitsa ine nchakuti nthatazi sizimwa madzi. Zimayamwa chinyezi cha mumpweya. Chinyezi chikatsika kusafika pa 50 peresenti zimauma nkufa, nchifukwa chake zimaswana kwambiri nthawi ya dzinja. Tsono apa tisamale. Kuwaza madzi tisanasese ndi nzeru yabwino pasimenti kapena pabwalo, koma pakapeti ndiye kuti tikumwetsa mdani. Kapeti wonyowa amameranso nkhungu, nayo imabanikitsa.

Dzuwa tili nalo laulere. Tulutsani kapeti masana dzuwa likuswa mtengo, mumuyanike chotembenuza kwa maola angapo. Kutentha kumapha nthata pamodzi ndi mazira ake. Koma dziwani kuti nthata ikafa ndowe zake zimatsala, choncho mukatha kuyanika mumukunthe ndi ndodo panja pomwepo, mphepo ikuchokera kumsana kwanu. Ntchito imeneyi musapatse mwana wamphumu, ngakhale ikhale ya chilango. Timakapeti tating'ono, mabulangete ndi nsalu zofunda zichapidwe m'madzi otentha madigiri 60, chifukwa madzi ozizira amachotsa ndowe koma nthata zambiri zimapulumuka. Amene ali ndi makina opopera fumbi azipopa sabata iliyonse pang'onopang'ono. Makina abwino ndi okhala ndi sefa ya HEPA. Ena amangobweza fumbi losalala m'chipinda momwemo.

Anzanga otumikira, nanga kapeti wa paguwa tinamunyamula liti? Timagwadapo nkhope ili pafupi ndi fumbilo, pomwe pansi pake sipafika tsache.

Kwa makolo athu, ndikudziwa kuti kapeti amakongoletsa nyumba ndipo sagulidwa motchipa. Komabe maganizo anga ndi akuti m'chipinda chogona mwana wamphumu musakhale kapeti. Simenti yokolopa ndi nsanza yonyowa ndi yokwanira, ndipo ngati kukuzizira yalani mkeka, poti umanyamulika mosavuta kupita nawo padzuwa. Matiresi ndi pilo wake nazonso zizituluka limodzi ndi mkekawo, chifukwa nthata zambiri zimakhala momwe iye amagonamo.