Za Kugawa Nchito Yaikuru ya Kukonza Ngalande

Inu mafumu ndi alimi a mpunga a kwa Mwambo, mudziwa kuti madzi a m'sikimu ya Likangala acokera m'mtsinje wa Likangala, umene utsika ku phiri la Zomba nuthira m'nyanja ya Chilwa. Madziwa sali ocuruka masiku onse: nyanjayo inaphwa m'caka ca 1968 ndi ca 1995. Cifukwa cace ngalande yodzala ndi matope ndi udzu iri mdani wa mlimi, makamaka iye wa munda wa kumatsiriziro.

Anthu ambiri akaitanidwa ndi mau akuti "Tiyeni kungalande," aunjikana pamodzi pofewa, nasiya pobvuta. Mutu umodzi susenza denga, koma osenza denga ayenera kudziwa yense mbali yace.

Poyamba ikani lamulo lalikuru limodzi, lakuti: madzi afike ku munda wotsiriza mvula isanayambe. Likhale ndi tsiku lace ndi mkuru mmodzi wolisunga.

Pansi pa lamulo limeneli dulani malamulo ang'ono:

1. Kucotsa mcenga polowera madzi ku mtsinje.
2. Kupala matope ndi kusenga udzu m'ngalande yaikuru.
3. Kulambula ngalande zazing'ono za ku minda.
4. Kutsegula ngalande zotaya madzi.
5. Kutseka ming'alu ndi mauna a mbewa m'migula.

Lamulo laling'ono liri lonse likhale ndi kapitao wace. Iye alembe utali wa gawo lace poyesa mapazi, anthu ace, makasu ndi zikwakwa zofunika, ndi tsiku lotsiriza. Gawo likatalika lidulidwenso, kuti mudzi uli wonse udziwe poyambira ndi polekezera.

Samalani dongosolo. Yambani ndi ngalande zotaya madzi, kucokera kumunsi kunka kumtunda, kuti madzi otsalira atuluke ndi matope aume. Polowera madzi patsegulidwe potsiriza. Matope muwataye kutali ndi mphepete, angabwerere ndi mvula yoyamba.

Kapitao asanene yekha kuti watha. Mkuru ayende naye naone ndi maso. Ndipo lamulo lalikuru silitha pokhala laling'ono limodzi latsala, pakuti mapazi khumi otsekeka amana madzi minda yonse ya kumunsi. Mukaona madzi alowa m'munda wotsiriza, pamenepo pacikani makasu.