Matsache Osaoneka a M'chifuwa Mwathu

Anzanga, ndani mwa ife amene sanaphikepo nsima m'khitchini la utsi, kapena kuyenda pa msewu wa fumbi kuno kwa Kanduku m'mwezi wa October? M'mawa mwake munthu akatsokomola amaona makhololo akuda ngati mwaye. Ambiri timangolavula ndi kupitirira. Koma tadzifunsani: zinyalala zija zinalowa pansi m'chifuwa, nanga wazikweza ndani usiku ife tiri m'tulo?

Njira ya mpweya, kuyambira m'mphuno kutsikira pa kholingo kufikira m'timipaipi ta m'mapapo, inayalidwa ndi madzi onanda. Fumbi, mwaye ndi tizirombo zimakanirira m'menemo monga mbalame pa ulimbo. Pansi pa madzi onandawo pali tiubweya tating'onoting'ono timene akatswiri amati cilia. Selo limodzi liri ndi tiubweya pafupifupi 200, ndipo mutati mulumikize toposa 150 mu utali, mungapeze milimita imodzi yokha. Kaubweya kali konse kamakupiza koposa kakhumi pa sekondi. Popita kutsogolo kamaongoka ndi kukankha, pobwerera kamapindika kuti kasabweze zimene kakankha. Satero tonse nthawi imodzi ai, koma motsatizana, monga mphepo ikamaomba m'munda wa mapira. Motero makhololo amakwera pang'onopang'ono kufika ku mmero, ife n'kuwameza osadziwa konse, ndipo tizirombo tambiri timakafera m'mimba.

Mu 1933 dokotala wa ku Zurich, Manes Kartagener, analemba za odwala amene chifuwa ndi chimfine sizinali kuwathera, amenenso mtima wao unali ku dzanja lamanja. Chifukwa chake chinadziwika mu 1976, pamene Björn Afzelius wa ku Sweden anapeza kuti tiubweya ta anthu otere sitigwedezeka. Amenewo anabadwa tero. Koma ambiri amaononga ao okha. Utsi wa fodya umafooketsa tiubweya ndi kutithothola, nchifukwa chake wosuta amadzuka ndi chifuwa m'mawa: matsache atopa, tsono atulutsa zinyalala ndi mphamvu ya kutsokomola. Chifuwa chachikulu nacho, chimene tonse tichidziwa, chimasiya timipaipi tina titafutukuka, ndipo makhololo amadikha m'menemo ngati madzi a pa chithaphwi ngakhale munthu atamaliza mankhwala.

Tsono pali odwala ena amene njira yao ya mpweya yaphwanyika kapena yapanikizidwa ndi chotupa. Madokotala amaikamo kapaipi kotchedwa stent kuti njira ikhale yotseguka. Kodziwika kwambiri ndi kofewa ngati mphira, kamene Jean-François Dumon wa ku Marseille analengeza mu 1990. Kapaipi kameneka kapulumutsa anthu, koma kali ndi vuto limene inu mwaliona kale: kamaphimba tiubweya. Makhololo akafika pamenepo asowa wowakankha, aunjikana, ndipo nthawi zina atseka kapaipi komweko.

Apa ndipo anthu anayamba kuganiza zopanga tiubweya ndi manja. Mu 2008 Jaap den Toonder ndi anzake ku Eindhoven, m'dziko la Netherlands, anaonetsa tiubweya topanga timene tinagwedezeka ndi magetsi ndi kuyendetsa madzi m'timifuleni tating'ono. Ena anasakaniza mphira ndi fumbi la chitsulo chokokedwa ndi maginito. Maginito akamazungulira pafupi, tiubweya timagona ndi kudzuka motsatizana. Mu 2023 gulu la Xiaoguang Dong pa yunivesite ya Vanderbilt ku America linalengeza kapaipi kokhala ndi tiubweya totere m'kati, koyendetsedwa ndi maginito okhala kunja kwa thupi, popanda waya wolowa m'chifuwa. Pa nthawiyo anali atakayesa m'nyumba yoyesera zinthu mokha, osati mwa odwala.

Ine ndiganiza kuti nzeru imeneyi njodabwitsa, komabe ikali kutali ndi zimene tinabadwa nazo. Tiubweya topanga n'tatikulu kwambiri poyerekeza ndi tathu, tifuna maginito, ndipo tikathyoka sitimera. Tathu timagwira ntchito usana ndi usiku ndi mphamvu ya nsima yomweyi, ndipo munthu akaleka fodya, tina timameranso.

Tisafulumire kunena kuti nkhani ya utsi njapafupi. Ofufuza anagawa mbaula zosafuka utsi wambiri m'midzi ya ku Chikwawa ndi ku Karonga, natsatira ana oposa 10,000. Zotsatira zinatuluka mu 2016, ndipo chibayo sichinachepe pakati pa anawo. Mwana sapuma utsi wa m'khitchini wokha. Palinso wa zinyalala zotenthedwa ndi wa moto wa lupsa.

Wofuna kuona tiubweya ndi maso ake atunge madzi obiriwira a pa chithaphwi, apemphe aphunzitsi a sayansi aike dontho limodzi pa maikulosikopu. Muli tizirombo tooneka ngati nkhwaira, totchedwa paramecium, timene timapalasa madzi ndi tiubweya tofanana ndi ta m'kholingo mwathu. Antonie van Leeuwenhoek wa ku Delft anaona totere cha m'ma 1670 ndi galasi limene anapanga yekha, ndipo anatiyesa timiyendo.